Amalume anabwera pa basi

Amayi aang'ono anatisiya mu June 2024, ndipo maliro tinakhalira kunyumba kwawo ku Mtendere, muno mu Lusaka. Amene munagonapo pa maliro m'komboni nthawi yozizira mukudziwa mmene zimakhalira. Akazi ali m'nyumba pa mphasa, masofa atulutsidwa panja, amuna tili mu tenti titazinga moto wa chitsa, aliyense khosi litalowa m'jekete. Chinalinso chaka chija madzi anachepa ku Kariba, magetsi akuzima maola ambirimbiri, moti kukada komboni yonse inkangoti bii.

Ine ndimayendera Toyota Spacio ya 2004, yotuwa, nambala yake yoyamba ndi AL. Chitseko chakumbuyo chimafuna bondo kuti chitsekeke. Sindikuidandaula ayi, yandilerera ana. Ndaitchula chifukwa pa maliro aja ndinaona ndi maso kuti galimoto imamusankhira munthu pokhala, imamusankhira ntchito, imanenanso ngati alankhule kapena akhale chete. Ndani wa mu Lusaka sazidziwa zimenezi? Koma kuziona zikuchitikira amalume anga enieni, mpaka lero sizindichoka m'mutu.

## Ba Spacio, pitirirani

Kamsewu kolowera kunyumba kwa malemu n'kopanikiza, uku ngalande, uku mipanda ya mabuloko. Anyamata a pamalopo anadzilemba okha ntchito yolondolera magalimoto, poyembekezera kangachepe madzulo. Dzina la munthu sankafunsa. Ankatiitana ndi chimene tabwera nacho. "Ba Mark X, bwerani apa." "Ba Ranger, pakani pa mthunzi, bosi." Ine nditafika, mmodzi anangogwedeza dzanja maso ali kwina: "Ba Spacio, pitirirani kutsogolo, apa ni pa mabosi." Kutsogoloko kunali pafupi ndi dzala.

Masana anafika alamu anga, amuna a mwana woyamba wa malemu, pa Prado yakuda. Anyamata aja anachita kuthamanga, wina kugubuduza diramu, wina kuchotsa miyala imene anatchingira malo a pageti penipeni. Atcheyamani a komiti ya maliro, bambo woyandikana nawo amene amathandiza pa zovuta zonse za m'deralo, ananyamuka pa sofa, anaipukuta ndi chipewa, n'kuwakhazika alamu. Masofa a malemu anathera a Prado, a Ranger ndi a Fortuner. Kumbuyo kwawo kunali mipando yapulasitiki yobwereka kutchalitchi, ndipo kumapeto kwenikweni mabenchi ndi mabuloko. Palibe anazilemba pa pepala zimenezi. Aliyense anangopita pamalo pake osauzidwa.

Ntchito nazo zinagawika chimodzimodzi. Galimoto yaikulu situmidwa. Ndani angayerekeze kuuza munthu wa Prado kuti akatenge matumba a malasha? Ndiye Spacio ndiyo inapita kumsika wa Soweto kukagula kabichi, tomato, kapenta ndi mafuta ophikira. Spacio inakatenga miphika ikuluikulu kutchalitchi, inakatenganso agogo ena ku Kaunda Square amene miyendo inawakana kale. Kutada, atcheyamani anandikodola: "Bambo a Spacio, tabweretsani galimoto iunikire tenti." Apo ndiye inapatsidwa malo apatsogolo, mphuno italoza masofa, nyali zikuyaka. Petulo wa maulendo onsewa sanalowe m'kope la zopereka, poti m'kope mumalembedwa ndalama zimene zaperekedwa anthu akuona.

## Munthu wa thumba la mtedza

Amalume ndi alongo awo a amayi anga ndi malemu, oyamba kubadwa m'mimba imeneyo. Kwathu kwa Achewa ameneyu ndiye mwini mbumba. Mlongo wake akadwala amauzidwa iye, akamwalira khasu siligwa pansi iye asanalankhule. Amakhala kumudzi ku Katete, ndipo uthenga utawapeza anakwera basi ya m'mawa yochokera ku Chipata. Foni inawathera moto panjira. Anatsikira pa Intercity, anafunsa za maminibasi a ku Mtendere, kotsalako anayenda wapansi, thumba la mtedza paphewa, kachikwama m'manja.

Ndinamva pambuyo pake mmene anyamata a pageti anawalandirira. "Mudala, sitigula, pano pali maliro." Amalume akuti anangoyankha kuti, "Ndamva, mwanawe," n'kulowa. Mu tenti palibe anawadziwa. Ambiri anali anzawo a ana a malemu, a kuntchito, a kutchalitchi, oyandikana nawo. Wina anawalozera ndi mlomo buloko lomwe linali pafupi ndi mpopi, iwo anakhala, thumba pakati pa miyendo.

Ndinawapeza pamenepo nditatsika m'galimoto nditamaliza kuyatsa nyali zija. Mtima unandigunda. Ndinanjuta, tinapatsana moni, ndiye ndinati, "Amalume, tiyeni kutsogolo."

"Ndakhala kale," anatero. "Pa maliro munthu sadzisankhira mpando. Eni maliro andipeza pompano."

Ndinatuma kamtsikana kuti kakanong'oneze amayi m'nyumba kuti amalume afika ndipo akhala pa buloko kumpopi. Kanabwerera ndi yankho lalifupi: "Akuti amva." Ndinadikira kuti atuluka. Amayi osatuluka. Amayi a chigwirizano anayamba nyimbo ina, inatha, anayamba inanso.

Podikirapo amalume ankayang'ana mndandanda wa magalimoto aja, akuseka chamumtima. Iwo paunyamata wawo anagwira ntchito ku fakitale ya njinga ya Luangwa ku Chipata, kumene ankapanga njinga za Eagle. Anandiuza kuti ndisaganize kuti khalidweli layamba ndi ife. "Azakhali ako ndinawapeza ndi njinga," anatero. "Ya belu, ya kaliyala, ya galasi. Anyamata anzanga oyenda wapansi ankangondiyang'ana ndikudutsa." Nthawi ya Kaunda, akuti, munthu wokhala ndi Fiat yolumikizidwa ku Livingstone ankadziwika boma lonse, ena onse ankadikira basi ya boma ya UBZ. "Koma wa Fiat uja akafika pa maliro," anatero, "ankayamba wafunsa kuti akulu a pano ndani."

## Zimene timawerenga pa msewu

Ndiime kaye pang'ono, chifukwa anyamata aja sindiwaimba mlandu. Anawerenga zimene tonse timawerenga tikaima pa maloboti a Great East Road.

Pansi penipeni pali a Zamfoot, oyenda wapansi, ndi okwera maminibasi a Hiace, amene tsiku lawo lili m'manja mwa kondakitala. Ukakwera pang'ono upeza Vitz, Passo, Demio ndi Fit, ndipo chibwerere Yango, matakisi oitanitsa pa foni aja, mu 2022 eni ake a timagalimototi ali pa mavuto. Mnzanga wina anaima pa Manda Hill kudikira mkazi wake, anangoona mayi wachilendo watsegula chitseko chakumbuyo, wakhala, akunena kuti Chalala. Ife a Spacio, RunX ndi Corolla amatitenga kuti ndife aphunzitsi, anamwino, makalaliki, anthu odalirika koma osaopsa. Wa Allion kapena Premio ndi bambo wolongosoka, woyenera kusunga thumba la mpingo. Wa Mark X apongozi amamulandira bwino koma usiku amafunsana kuti ndalamazi wazipeza kuti msanga chonchi. Ukafika pa Hilux, Ranger ndi Fortuner anthu sakufunsanso kuti umagwira kuti, amangoti ali ndi makontirakiti. Pamwamba pali Prado ndi VX, zimene ngakhale Pulezidenti Hakainde Hichilema anadandaula nazo poyera kuti akuluakulu a boma azikonda mopitirira. Ikakhala ndi nambala ya boma ya GRZ, geti limatseguka lokha.

Chosekesa n'chakuti ambiri mwa magalimotowa ndi salaula. Eni ake oyamba ku Japan anawasiya chifukwa lamulo la kumeneko loyeza magalimoto limadula galimoto ikamakalamba, ndipo poti nawonso amayenda kumanzere, chiwongolero chawo chimatiyenera. Galimoto imakwera sitima mpaka ku Dar es Salaam, dalaivala amaithamangitsa ndi nambala yongodutsira ya IT mpaka kumalire a Nakonde, kumeneko bungwe la misonkho la ZRA limatenga msonkho wake potengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, kenako makilomita pafupifupi 1,000 kufika muno. Mtengo wake umanenedwa mu madola. M'chaka cha maliro aja dola imodzi inali itapyola K25, ndiye amene anagula kale anagula, otsalafe tinkangoyang'ana zithunzi pa foni.

N'chifukwa chake nambala nayo imawerengedwa. Wa AB anthu amati anaona ndalama nthawi ya Mwanawasa kapena Rupiah Banda, ife a AL nthawi ya Sata, a BA pambuyo pake. Munthu amayang'ana zilembo ziwiri zokha n'kudziwa chaka chimene zinthu zinakuyendera komaliza.

Ine ndimaona kuti muzu wake ndi uwu. Kumudzi ukafika safunsa kuti wabwera pa chiyani, amafunsa kuti ndiwe mwana wa yani, ndipo yankho limakukhazika pamalo pako. Lusaka ili ndi anthu oposa 2 miliyoni, ochokera ku Chipata, ku Kasama, ku Mongu, ku Monze, osadziwana makolo. Nyumba imene wamanga ku Chalala siyenda nawe. Puloti ya ku Chongwe siyenda nawe. Fizi imene walipirira ana a mlongo wako sioneka, ng'ombe zili m'khola ku Katete. Chuma chokha chimene chimakuperekeza mpaka pageti la eni ake ndi galimoto. Ndiye yalowa m'malo mwa funso lija la "ndiwe mwana wa yani", ndipo imayankha munthu asanatsegule pakamwa. Pa mall kapena pa banki zilibe kanthu kwenikweni. Koma yafika poyankha ngakhale pamalo pamene mwambo unali kale ndi mndandanda wakewake.

## Msonkhano wa bajeti

Cha m'ma 8 koloko atcheyamani anatsokomola, anatsegula kope, mnyamata wina akuwaunikira ndi foni. Nkhani inali ya kumene tikaike malemu ndi ndalama zake. "Tiyambe ndi abwana athu," anatero, akuyang'ana sofa yapakati.

Alamu anga ananena mwachidule kuti iwo atsatira zimene banja ligwirizane. Koma poti mawuwo anachokera pa sofa, anthu anawamva ngati chilolezo choti a pamasofa ndiwo banjalo. A Ranger, msuweni wina wa kuchimuna, anatenga nkhani. Anati kumanda a Chingwere ayi, n'kwa fumbi, ndipo anzathu a kuofesi sangakafikeko bwino. Anati kuli manda olipira a ku Leopards Hill, msewu wa tala mpaka pageti, malo oimika magalimoto okwanira. A Fortuner anawonjezera za matenti a kumanda, zokuzira mawu, mapulogalamu osindikiza okhala ndi chithunzi, ndi mndandanda wa oika nkhata. Manambala ankatchulidwa, atcheyamani akulemba. A pamipando yapulasitiki ankavomereza ndi mitu. Mwana wamwamuna wa malemu, amene amagulitsa masipeya a mafoni ku City Market, anakweza dzanja kamodzi, sanaonedwe, analitsitsa.

Za kumudzi palibe anazitchula. Pamene malemu ananena kangapo, amayi anga akumva, kuti tsiku lawo likadzafika akagone pafupi ndi amayi awo. Ndinatembenuka kuyang'ana kumpopi. Nyali za Spacio zinkawalira masofa, amalume anali mu mdima, kumangooneka kuyera kwa tsitsi.

Nyimbo m'nyumba inaduka pakati. Chitseko chinatseguka, amayi anatuluka, chitenje m'chiuno, duku kumutu, opanda nsapato. Anadutsa m'kuwala kuja atawerama, manja pa mawondo, monga achitira mayi podutsa pa amuna. Atcheyamani anaima kulankhula poganiza kuti abwera ndi uthenga kwa a pamasofa, ndipo alamu anayamba kudzikonza kuti amvetsere. Amayi sanaime. Anapitirira masofa, anapitirira mipando yoyera, anapitirira mabenchi, mpaka kumpopi. Anagwada pa simenti yonyowa ija, anawomba m'manja mwakachetechete katatu.

"Alongo, mwafika?"

"Ndafika, mlongo wanga."

"Mng'ono wanu uja watisiya."

Ndiye anayamba kufotokoza matenda kuyambira pachiyambi. Tsiku limene malemu anayamba kudandaula mutu, mankhwala amene anagula, ulendo woyamba wa kukiliniki, kutupa kwa miyendo, usiku umene anawagoneka kuchipatala, zimene ananena komaliza, ola limene anatsirizika. Sanathamange. Sanakweze mawu, koma tenti yonse inali zii, moti tinkamva chilichonse, ndi kudontha kwa mpopi komwe. Kumbuyo kwawo kunatuluka akazi ena a mbumba, mmodzimmodzi, kudzagwada. Pakati pawo panali mwana woyamba wa malemu, mkazi wa alamu.

Alamu ataona mkazi wawo wagwada pa simenti, ananyamuka pa sofa. Anayenda mpaka kumpopi, anakoka thalauza pa mawondo, ananjuta chapatali pang'ono, pamalo pa mkamwini. Apo m'pamene kunamveka kukhulana kwa mipando. Anthu ankaitembenuza, wina ndi wina, mpaka kutsogolo kwa tenti kunasanduka kumbuyo. A Ranger ndi a Fortuner anatsala pa masofa akuyang'ana misana ya anthu, nyali zanga zikuwathobwa m'maso.

Atcheyamani anabwera chipewa chili m'manja. "Pepani akuluakulu, sitinadziwe."

"Simukanadziwa," anatero amalume. "Ndabwera wapansi."

Sofa inanyamulidwa ndi anyamata awiri, koma amalume anaikana. Analankhulira pa buloko pomwepo. Anathokoza oyandikana nawo, mpingo, ndi onse amene anasiya ntchito zawo. Kenako anati, "Mwana wa amayi anga akagona pafupi ndi amayi ake. Amfumu ndawauza ndisananyamuke, adzukulu akudikira mawu anga."

A Ranger anayankhira chakutali, mwaulemu ndithu, kuti maganizowo ndi abwino koma Katete ndi makilomita pafupifupi 500, ndipo mafuta masiku ano si masewera. Amalume anapisa dzanja m'kati mwa jekete, anatulutsa kapepala ka pulasitiki ka shuga komangidwa ndi mphira, anakapereka kwa amayi, amayi anakapereka kwa atcheyamani. Anali atagulitsa ng'ombe yamphongo kwa ogula nyama pa Katete dzulo lake. Kumbukirani kuti chinali chaka cha chilala chija boma linalengeza mu February kuti ndi tsoka la dziko. Chimanga chinapserera m'minda, ndipo munthu wogulitsa mothamanga sanena mtengo. "Izi ndi za galimoto yonyamula mlongo wanga," anatero. "Enanu muone za basi ya olira."

Ndisanamize anthu kuti ndalamazo zinakwana zonse. Sizinakwane. Bokosi anagula ndi alamu, ndipo pa Rosa ya olira anaikaponso gawo lalikulu. Koma kope linatembenuzidwa tsamba, ndipo dzina loyamba pa tsamba latsopanolo linali la munthu wa thumba la mtedza.

Za amayi, ndinawafunsa patapita masabata kuti anachedweranji kutuluka. Anati akanatuluka msanga, anthu akanangosuntha mpando umodzi n'kupitiriza nkhani zawo.

## Alamu pakati pa usiku

Batire la Spacio linafa, monga aliyense akanalosera. Pakati pa usiku, anthu atayamba kuwodzera, alamu anabweretsa Prado, tinalumikiza zingwe, tinakhala m'galimoto mwanga injini ikulira kuti batire lidzuke. Anakankhira mpando kumbuyo, anapuma mozama.

"Mlamu, mukuganiza kuti sofa ija ndinaipempha?" anatero. "Mpando umene uja umabwera ndi risiti."

Anawerenga pa zala maliro a m'banja mwawo ndi mwathu kuyambira pamene anagula galimotoyo. Onse bokosi linali lawo. Palibe amawapempha mwachindunji. Amangowakhazika patsogolo, n'kunena kuti tiyambe ndi abwana athu, ndipo maso onse amakhala pa iwo mpaka atatchula nambala. Akatchula yochepa, mawa zimveka kuti munthu wa Prado ndi womana. Akalankhula maganizo awo, palibe amatsutsa, ndiye zikalakwika mlandu ndi wawo. Kwa makaniko mtengo ndi wina, pa msika tomato ndi mtengo wina, wapolisi akaimitsa amayamba ndi "bwana mkubwa".

Anandiuza kuti ulendo wina anatopa nazo, anasiya galimoto kunyumba, anapita pa maliro ena pa Yango. Tsiku lisanathe mkazi wawo analandira mafoni ochokera kwa abale, ena mpaka ku Kitwe, ofunsa mwachifundo ngati ntchito yatha kapena banki yalanda galimoto. Azakhali awo ena anayamba kuwapempherera. Tinaseka mpaka ndinachita kutseka pakamwa poopa olira.

Sikuti alamu ndi osauka obisala, ayi. Ndalama ali nazo ndipo Prado amaikonda, amaitsukitsa kawirikawiri kuposa mmene ine ndimasambitsira ana. Komanso si anthu oti ndiwamvere chisoni kwambiri, poti geti likamatseguka lokha sabwerera kukadandaula. Chimene ndinatola m'mawu awo n'chakuti mu tenti muja palibe ankaonedwa iye mwini. Anthu ankaona galimoto, kapena kusowa kwake, n'kugawa mipando ndi mitolo.

Ndisanazimitse injini anandifunsa ngati amalume awakwiyira. Ndinati sindikuganiza choncho, poti anawaona akunjuta.

## Ku Katete nakonso

Tinanyamuka m'bandakucha, Canter ya thupi patsogolo, Rosa pambuyo, ife ena kutsatira. Amalume anakana Prado, anakananso Spacio, anakwera kutsogolo kwa Canter kuperekeza mlongo wawo. Mapiri a Manenekela tinawakwera pang'onopang'ono, pa mlatho wa Luangwa tinaima anthu agule nsomba zouma, ku Nyimba nthochi.

Kumudzi amalume anali amalume. Mpando wawo unali pafupi ndi wa amfumu, adzukulu ankabwera kudzanjuta kwa iwo, palibe chinachitika iwo asanagwedeze mutu. Koma amene akuganiza kuti kumudzi maso saona magalimoto akudzinamiza. Ana anazinga Prado akudziyang'anira pa zitseko. Alamu anawapezera mpando wa khushoni, ndipo pochoka anapatsidwa nkhuku yamoyo ndi dengu la mbatata. Spacio inatumidwa kuchigayo, kenako ku Katete boma kukatenga simenti ndi mchere.

## Harrier ikudikirabe

Ndinali ndi chaka ndikusunga ndalama za chilimba, zija timasonkherana mosinthana, kuti ndisinthe galimoto. Maso anga ali pa Harrier, ndipo sindinama, usiku ndimatsegulabe mawebusaiti a ku Japan kuyang'ana mitengo mpaka ku Dar es Salaam. Ndikufuna kuti tsiku lina mlonda wa pageti andipatse moni asanandifunse kuti ndikufuna ndani. Mayi a kunyumba akuti ndalamazo zipite ku puloti yathu ya ku Chongwe imene yaima pa mawindo. Makaniko wanga wa ku Kalingalinga akuti giya ya Spacio ikhoza kupirira chaka china ndikamaisamala pokwera mitunda. Nkhaniyi sinathe m'nyumba mwathu. Kungoti tsopano ndikawerengera mtengo wa Harrier, pamwamba pa msonkho, inshulansi ndi matayala ndimaikaponso mabokosi.

Chimene chasinthadi n'chaching'ono. Pa gulu la WhatsApp la banja tinagwirizana kuti pakagwa zovuta, wina wa ife aziima pageti tsiku loyamba, wodziwa nkhope za kumudzi, ndipo atcheyamani aliyense aziuzidwa msanga kuti mwini mbumba ndi uti. Amene amayendetsa galimoto pa ntchito za maliro, petulo wake azilembedwa m'kope. Mfundo yachiwiriyi ndinaibweretsa ndine, ndipo a Ranger anaiyankha ndi kachithunzi koseka.

Mwezi watha mwana wamwamuna wa malemu, wa masipeya a mafoni uja, anatiuza kuti wapeza mbeta, mtsikana wa Chitonga wa ku Monze, ndipo makolo ake amakhala ku Chilenje. Kwa anzathuwo nkhani ya ukwati imawerengedwa mu ng'ombe. Tinakumana kwa alamu kukonza za ulendo wokaonekera, ndipo alamu ananena okha kuti Prado ikhale kunyumba, chifukwa apongozi akaisuzumira pawindo ng'ombe ziwonjezeka tisanakhale n'komwe pansi. A Ranger nawo anauzidwa kuti akafuna kubwera akwere ndi ife. Ankhoswe anayang'ana panja pamene tinaimika magalimoto, anayang'ana ine.

Spacio ndiyo yasankhidwa kunyamula nthumwi Loweruka likubwerali. Andiuza kuti ndisaitsuke.